Timizere ta pinyin: ndi tothandiza pakamwa, koma pa ndalama lembani manambala

Ambiri tsopano tikuoda katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu kudzera pa WeChat, ndipo ena mwayamba kuloweza timawu ta Chitchaina. Ine ndimakhala ku Mufakose, ndimagulitsa nsalu za masofa ndi mahinji kwa akalipentala a ku Area 8, ku Glen View. Ndiloleni ndinenepo za timizere tija timakhala pamwamba pa zilembo za pinyin, kalembedwe kake pa kompyuta, komanso pomwe ntchito yake imathera.

Pinyin ndi njira yolembera Chitchaina ndi zilembo zathu zomwezi, ndipo boma la China linaivomereza mu 1958. Timizereto timasonyeza kukweza ndi kutsitsa kwa mawu, ndipo tilipo mitundu inayi: ā, á, ǎ, à. Kwa ife izi si zachilendo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa katundu timalemba chimodzimodzi, koma khutu limamva kusiyana. Nakonso n'chimodzimodzi: mǎi ndi kugula, mài ndi kugulitsa. Kamzere kamodzi, bizinesi yatembenuka.

Njira yosavuta kwambiri ndi kuika nambala kumapeto kwa liwu: mai3 ndi mai4. Imatheka pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani. Ngati mukufuna timizere tenitenito mu Word, lembani 0101 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, patuluka ā. Mukalemba 01CE patuluka ǎ, 00E1 ndi á, 00E0 ndi à. Pa Mac sankhani kiyibodi ya ABC Extended: Option ndi a, kenako chilembo, kamzere kogona kabwera, Option ndi e ka mtundu wachiwiri, Option ndi v ka mtundu wachitatu. Pa foni, ine ndimafufuza liwu mu dikishonale ya Pleco n'kukopera. Chenjerani: kachipewa ka pa ŵ wa Malaŵi si komweko. Ka pinyin n'kozondoka, kamaoneka ngati v.

Kamzere kamakhala pati? Ngati m'liwu muli a kapena e, kamakhala pamenepo. Mu ou kamakhala pa o. Kwina konse kamapita pa vawelo yomaliza, monga guì, kutanthauza kudula mtengo. Palinso ü, yemwe pa kiyibodi ya Chitchaina amalembedwa ndi v. Pa nsalu zanga izi n'zofunika: lǜ ndi mtundu wobiriwira, pomwe lù ndi msewu.

Koma mfundo yanga yaikulu nayi. Timizereti ndi tanu inuyo, tokuthandizani kutchula bwino mawu ndi kusunga m'kabuku kanu. Wogulitsa wa ku Yiwu sachita malonda m'pinyin. Iye akamalemba pa foni amataipa pinyin yopanda timizere, foni n'kumupatsa zilembo za Chitchaina kuti asankhe. Mukamutumizira pinyin yokhayokha, amachita kuganizira chomwe mukufuna, ndipo pa oda kuganizira ndi kumene kumadya ndalama. Ikani kiyibodi ya Chitchaina pa Gboard, taipani mai, muona 买 ndi 卖 zikutuluka. Choyambacho ndi kugula, chachiwiri chokhala ndi kamtanda pamwamba ndi kugulitsa.

Pa manambala mpomwe pamafunika maso. 4 ndi sì, 10 ndi shí, 14 ndi shísì, 40 ndi sìshí. Anthu ambiri a kummwera kwa China, komwe timaoda katunduyu, satchula sh mosiyana kwenikweni ndi s, ndiye pa voice note chotsala chosiyanitsa ndi kamvekedwe kokha. Makatoni 14 ndi makatoni 40 ndi nkhani ziwiri zosiyana pa malo a m'kontena, pa msonkho ku boda ya Forbes, ndi pa ngongole yomwe munatenga kwa anzanu a chipereganyu. Kumbukiraninso kuti iwo amawerenga ndi wàn, yomwe ndi 10,000, ndiye sān wàn ndi 30,000, osati 3,000.

Lamulo langa ndi ili: moni ndi kunenerera mtengo ndimachita pakamwa, mothandizidwa ndi timizere. Chiwerengero, mtengo ndi tsiku ndimalemba m'manambala, ndi chizindikiro cha ndalama, ¥ kapena US$. Mtundu wa nsalu ndimatumiza chithunzi ndi nambala ya sampulo. Ndisanalipire, wogulitsa abwereze zonse polemba.

Inunso madalaivala onyamula katundu wa makampani a Atchaina kuchokera ku Beira, pemphani dzina la kampani ndi adiresi m'zilembo zawo komanso m'Chingerezi, musunge chithunzi chake. Pa geti mungoonetsa foni, osalimbana ndi katchulidwe.

Phunzirani timizereto, amasangalala mukatchula bwino ndipo mtengo umafewa. Koma pepala ndi lomwe lidzakuyankhulireni katundu akafika wosakwanira. Yendani bwino nonse.