Chimene Chiwala Chinadya, Mwana Wanu Wadyanso

Lero sitikamba za malungo kapena za sikelo ya ana. Tikamba za ndiwo zimene sitigula, zimene ana athu amabwera nazo m'thumba la kabudula kapena m'botolo: ziwala, bwamnoni, ngumbi, mbewa ndi timbalame togenda ndi legeni.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindidana nazo ndiwozi. Ndinakulira ngumbi zokazinga zothira kamchere, ndipo monga namwino ndikudziwa kuti zili ndi zomanga thupi ndi mafuta zimene mwana amafunika, makamaka masiku ano pamene nyama ndi nsomba zakwera mtengo pamsika wa Chitakale. Koma pali chinthu chimodzi chimene timaiwala. Kanyama kalikonse ka kutchire kamabwera ndi zimene kanadya dzulo. Chiwala chikadya tsamba lopopera mankhwala, mankhwalawo ali m'mimba mwake ndi pamapiko ake. Mbewa ikadya chimanga chothira tameki, tamekiyo ali m'thupi mwake. Ife timangoona ndiwo m'mbale, kumene ndiwoyo inadya sitinaoneko.

Ndikuuzeni nkhani ya kutali pang'ono, muona kumene ndikupita. Ku America anthu ambiri amaweta m'nyumba buluzi wina wochokera ku Australia, dzina lake bearded dragon. Ndi wa banja limodzi ndi gulo wathu uja wogwedeza mutu pamtengo. Amamusunga m'bokosi lagalasi ndi kumamudyetsa tizilombo togula kusitolo. Ena amaona ngati kugulako n'kutaya ndalama, ndiye amatuluka panja kukamugwirira tizilombo ta m'udzu. Mu 1999 akatswiri a ku Cornell University analemba za abuluzi otere amene anafa atameza ziphaniphani. Chiphaniphani chimodzi chokha chimatha kumupha pasanathe maola ochepa, chifukwa ziphaniphani za kumeneko zili ndi poizoni wofanana ndi wa pakhungu la achule ena, amene amasokoneza kagundidwe ka mtima. Buluziyo sasankha. Chilichonse choyenda pamaso pake amameza.

Mwina mukuseka kuti ife abuluzi tinayamba kuweta liti. Zoona, sitiweta. Koma pakhomo panu alipo wina amene amaika m'kamwa chilichonse choyenda osafunsa, ndiye mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu uja. Zilipo nkhuku, alipo mphaka ndi galu. Onsewa amadalira inu kuti muwasankhire.

Poizoni amalowa m'tinyama timeneti m'njira zitatu zimene ndikufuna muzidziwe.

Njira yoyamba ndi ya chilengedwe. Nonse mumamudziwa nunkhadala, chiwala cha mawangamawanga achikasu, akuda ndi ofiira chimene chimadzaza m'munda wa chinangwa. Taonani mmene amakhalira. Sathamanga, sabisala, ndipo mbalame zambiri zimamulambalala. Amadya masamba ngakhale a zomera zapoizoni, n'kusunga poizoniyo m'thupi mwake, ndipo mitundu yowalayo ndi fungo lakelo ndi chenjezo. Makolo athu sanam'patse dzinalo pachabe. Mu 1962 magazini ya madokotala ku South Africa inalemba za mwana amene anamwalira atadya chiwala cha m'banja lomweli, chachikulu ndithu, chimene chimadya zomera za mkaka woyera. Ndamvapo ena akunena kuti ukawiritsa n'kutaya madzi chimadyeka. Ine pempho langa n'lakuti mwana asalawe. Muphunzitseni lamulo losavuta: chiwala chowala mitundu, chonunkha, kapena chotulutsa thovu ukachigwira, si ndiwo.

Njira yachiwiri ndi ya mankhwala opopera mbewu. Chiyambire 2017 pamene mbozi za ntchemberezandonda zinasakaza chimanga m'dziko muno, alimi ambiri amapopera kuposa kale. Onjezerani madimba a tomato, kabichi ndi mpiru amene amapopera pafupipafupi. Mlimi akapopera madzulo, m'mawa mwake ziwala za m'mundamo zimakhala zofooka, sizidumpha kutali. Kwa mwana limenelo ndi tsiku la mwayi, botolo limadzadza msanga.

Usiku wina ndili pantchito analowa mayi ali ndi ana awiri, wina kumsana wina akukokedwa padzanja. Wamng'onoyo malaya anali atanyowa ndi dovu ndi thukuta, pachifuwa pakumveka phokoso ngati madzi akuwira. Mayiwo analumbira kuti m'nyumba mwawo mulibe mankhwala aliwonse. Wamkuluyo ndi amene anaulula kuti masana anawotcha ziwala zimene anatola m'dimba la anansi, ndipo anawonjezera kuti tsiku limenelo ziwalazo sizimathawa. Mawu amenewo ndi amene anatiuza chochita. Ana onse awiri anachira chifukwa mayi wawo sanadikire kuti kuche. Ndimawakumbukira mawu a mwana uja nthawi zonse, ndipo inunso muwasunge: ndiwo ya kutchire imene sikuthawa, ikudwala kapena yadya poizoni.

Njira yachitatu ndi ya mankhwala a makoswe, ndipo iyi ndi imene imandiopsa kwambiri. Tameki, timibulu takuda tija togulitsidwa m'timapepala topanda dzina, ndi poizoni wamphamvu kwambiri amene anapangidwira tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu, osati m'nyumba mogona ana. Khoswe akadya amakafera panja. Mphaka amutola, n'kufa. Nkhuku zijompha nyambo yotsala, n'kufa. Ndiye pakhomo wina amati nkhuku yonenepa chonchi tingataye, n'kuikonza. Apo poizoni wayenda kuchoka pa kapepala kufika pa nsima ya banja lonse. Chomvetsa chisoni china n'chakuti mwapha mphaka ndi kadzidzi amene amakugwirirani makoswe mwaulere, ndipo pakapita miyezi makoswe amabwerera ochuluka kuposa poyamba.

Abale athu amene ali ku Joni angakuuzeni za ana 6 amene anamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Atapima anapeza kuti anafa ndi terbufos, mankhwala a m'munda amene anthu amagulitsana m'misewu kuti aphere makoswe. Mankhwala amenewo ndi tameki amagwira thupi la munthu m'njira yofanana.

Zomwezi zimachitika ndi nkhanga ndi njiwa zimene ena amazitchera ndi chimanga chothira mankhwala, komanso nsomba zimene ena amapha pothira mankhwala m'madzi. Mukaona nsomba zambiri zikuyandama pamtsinje, kapena mbalame zagwa pansi zopanda bala, musatole. Anyamata ambiri okumba mbewa amagwira ntchito yawo bwino, ndi khasu, utsi ndi misampha, ndipo sindikuwanyoza. Koma mbewa yotola itafa kale, kapena yoyenda mwaulesi dzuwa likuswa mtengo, isafike mumphika.

Ndikudziwa yankho limene ambiri muli nalo: tikaphika zimatha. Ife a kuno ku Mulanje tinazolowera kalongonda, amene timamuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo mpaka atakhala wabwino kudya. Timadziwanso kuviika chinangwa chowawa. Nzeru zimenezo n'zoona, ndipo makolo anaziyesa kwa zaka zambiri. Koma tameki ndi mankhwala opopera sanabwere ndi makolo. Moto umapha majeremusi, koma simungaudalire kuti uchotse poizoni wa m'botolo. Kukazinga, kuwotcha kapena kuyanika padzuwa sikukupatsani chitsimikizo chilichonse.

Kumbukiraninso kuti thupi la mwana ndi laling'ono. Mwana wa makilogalamu 12 akadya ziwala zofanana ndi zimene adya bambo wa makilogalamu 60, kwa iye poizoniyo wachuluka kasanu. N'chifukwa chake mumatha kudya mbale imodzi, akuluakulu n'kungomva m'mimba kupota, mwana n'kukomoka.

Tsono mungadziwe bwanji? Tameki ndi mankhwala ambiri opopera amachititsa thupi kutulutsa madzi paliponse. Dovu limachucha, thukuta limatuluka ngakhale kukuzizira, misozi ndi mamina zimayenderera, mwana amasanza, amatsegula m'mimba, nthawi zina amadzikodzera. Yang'anani kadontho kakuda ka pakati pa diso: kamachepa kukhala ngati nsonga ya singano. Minofu ya kumaso ndi m'manja imanjenjemera, mwana amafooka, kupuma kumavuta ndipo m'chifuwa mumamveka phokoso. Ena amakomoka ngati akhunyu. Izi zimayamba pakangopita mphindi zochepa kapena maola ochepa. Chimene chimapha ndi madzi odzadza m'mapapo pamodzi ndi kufooka kwa minofu yopumira.

Pali mankhwala ena a makoswe amene sachita changu. Amenewa amalepheretsa magazi kuundana, ndipo zizindikiro zimaoneka patapita masiku: kamfuno, magazi m'nkhama, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda, kapena mabala a m'kati mwa khungu popanda kugwa. Choncho mwana akadya nyambo ya makoswe, ngakhale akusewera bwinobwino, mubweretseni tidzamuone. Mankhwala ake alipo, ndi vitamini K.

Zikachitika, chitani izi. Chotsani chotsala m'kamwa mwa mwana. Ngati mankhwala akhudza zovala kapena khungu, muvuleni ndi kumusambitsa msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutavala pepala la pulasitiki m'manja. Ngati wafooka kapena wakomoka, mugonekeni cham'mbali kuti dovu ndi masanzi zituluke, ndipo panjira mumugwire chomwecho. Tengani chotsala cha zimene wadya, botolo kapena kapepala ka mankhwala ngati kalipo, ndipo mutengenso aliyense amene anadya nawo. Itanani wa kabaza nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Ife a Chitakale tili ndi mwayi, chipatala cha boma cha Mulanje ndi Mulanje Mission sizili kutali. Amene muli m'midzi ya kutali, pitani pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, akakuthandizani ndi kukutumizani. Kuchipatala timapukuta madzi a kukhosi, timapereka mpweya, ndipo timabaya jakisoni wa atropine amene amaumitsa madzi aja. Amagwira bwino ntchito mwana akafika msanga.

Zimene simuyenera kuchita nazi. Musamupise chala kukhosi kuti asanze, chifukwa masanzi akalowa m'mapapo vuto limakula. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi, madzi a mchere kapena a phulusa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimapha poizoni, zimangodya nthawi. Mwana wokomoka musamumwetse kanthu kalikonse. Ndipo musayambe ndi kufunsana kuti wamulodza ndani. Pempherani muli panjira, zokambirana za pabanja zidzabwera mwana atapuma bwino.

Chinanso, mukafika tiuzeni zoona. Amayi ena amabisa poopa kukalipiridwa kapena poopa kuti amuna awo amva kuti m'nyumba munali tameki. Sitili pamenepo kuti tikuweruzeni. Mawu amodzi oti anadya ziwala za kudimba, kapena tinadya nkhuku yofa yokha, amatipulumutsira nthawi imene ikanathera m'kuyeza malungo.

Kupewa ndi kumene kuli m'manja mwanu. Abambo, mukapopera m'munda kapena m'dimba, uzani anansi ndi ana, mangani nsanza kapena pepala pamtengo ngati chizindikiro, ndipo nkhuku zitsekereni. Pa botolo lovomerezeka pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Ngati zolembazo zikuvuta, funsani alangizi a zaulimi. Mankhwala opanda dzina, othiridwa m'botolo la zakumwa kapena m'kapepala, musagule. Mankhwala oyenera amakhala olembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board ndipo amabwera ndi chizindikiro chake. Makoswe tcherani ndi msampha kapena diwa, tsekani mauna, sungani chimanga m'matumba otseka bwino, ndipo wetani mphaka. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja, mukwirireni mozama kapena mumuponye m'chimbudzi chokumba kumene galu ndi nkhuku sizingafike. Chiweto chilichonse chofa chokha chikwiriridwe, chisadyedwe ndipo chisagulitsidwe.

Amayi, mwana akabwera ndi ndiwo zake, musamulande mwaukali, chifukwa mawa adzakawotchera kuseri kwa nyumba inu osadziwa. Muyamikireni, kenako mufunseni mafunso atatu: wazigwira kuti, zinali zamoyo ndi zothawa, ndipo m'mundamo anapopera liti. Akalephera kuyankha, tayani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiwo za tsiku limodzi tingazipezenso, ngakhale za masamba a maungu, koma mwana sitingamupezenso wina wofanana naye.

Uthengawu muwawerengere agogo ndi anansi amene alibe foni, ndipo madzulo ano mukhale pansi ndi ana anu muwaonetse nunkhadala kuti amudziwe. Amene muli ndi funso, funsani, ndidzayankha ndikaweruka. Khalani bwino nonse.