Kuphunzira Sikuta Imvi Zili Mbuu

Nkhani yomwe takutengerani m'kope lino ena aiseka, ndipo sitiwaletsa chifukwa nafenso timaseka tikaikumbukira. Koma mkati mwa kusekako muli kanthu komwe kadatisowetsa tulo, ndipo tikufuna kuti makolo pamodzi ndi aphunzitsi anzathu a m'madrasa akamve.

M'chaka cha 2023 tidanyamuka kwathu ku Mangochi pamodzi ndi mayi a kunyumba kupita ku Durban, m'dziko la South Africa, kukaona mwana wathu wamwamuna amene amagwira ntchito ya utelala kumeneko. Mkazi wake anali ndi khanda, choncho mayi adatenga ntchito za pakhomo, ndipo ife tidapatsidwa ntchito imodzi yokha: kuperekeza mdzukulu wathu wa zaka 7 ku madrasa masana ndi kukamutenga isanakwane Swala ya Magharibi. Tidaiona ngati ntchito yochepa. Munthu woti waphunzitsa ana Qur'an kwa zaka zoposa 30 angalephere kuyenda ndi mwana mmodzi?

Vuto linali loti mwanayo sankayenda pansi. Anali ndi kanjinga kotchedwa sikuta. Kalibe chishalo, kalibe tcheni, kalibenso injini. Ndi kathabwa kachitsulo kokhala ndi timatayala tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndi chiwongolero choimirira. Wokwera amaika phazi limodzi pakathabwapo, linalo nkumakankha nalo pansi. Tinjinga timeneti tidafala kwambiri m'chaka cha 2000 pamene mtundu wina wopepuka komanso wotheka kupinda, wotchedwa Razor, udagwira mitima ya ana ku America. Komatu nzeru yake si ya azungu okha. Ku Goma, m'dziko la Congo, kuli chukudu, sikuta yaikulu yamatabwa imene anyamata amanyamulira makala ndi katundu wina wolemera.

Tsiku lachitatu la ntchito yathu ndi lomwe sitidzaliiwala. Mwana anali kutsogolo, ife m'mbuyo tili wefuwefu, bondo likudandaula. Tidafuula kuti atidikire koma phokoso la magalimoto lidameza mawu athu. Pa mphambano ina adangolowa mumsewu osayang'ana uku ndi uku, ndipo minibasi idaima modzidzimutsa patangotsala mkono umodzi kuti imuombe. Allah adamuteteza. Usiku umenewo nsima idatikanika. Mwana ndi amana, ndipo tsiku limenelo amanayo inali m'manja mwathu. Tikadawauza chiyani makolo ake?

Tidalamula kuti sikutayo ibisidwe. Koma bambo ake a mwanayo adatiyankha mwaulemu kuti, "Ababa, tikamulanda, mawa adzabwereka ya anzake nkumakakwera komwe inu simukumuona. Bwanji muzikwera naye limodzi?" Patapita masiku awiri adabwera ndi sikuta ya akuluakulu, ya matayala a masentimita 20, pafupifupi kuwirikiza kawiri a mdzukulu wathu, yotha kunyamula munthu wa makilogalamu 100.

Kunena zoona tidapsa mtima. Ife a zaka 63, ndevu zoyera, mkanjo ndi mzuli, tizikasewera ngati mwana pamaso pa anthu? Ku Durban anthu a kwathu ndi ambiri, ndipo masiku ano chithunzi chimafika ku Mangochi pa WhatsApp munthu asanadzuke pomwe wagwa. Amene adatibweza ndi mayi a kunyumba. Adati, "Bambo, si inu nomwe mumatiphunzitsa kuti Mtumiki (SAW) adachitapo mpikisano wothamanga ndi Mayi Aisha (RA)? Kodi ulemu wake udachepa? Mdzukulu wanu watsala pang'ono kufa, inu mukuopa kusekedwa." Tidasowa choyankha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tidazindikira kuti chomwe tinkachitcha ulemu chinali kudzitukumula kovala mkanjo.

Loweruka m'mawa titaswali Subuhi tidapita kugombe la nyanja ya mchere, komwe kuli njira yotakasuka ndi yosalala ya anthu oyenda pansi, imene idakonzedwanso pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Mphunzitsi wathu anali mdzukulu yemwe uja. Tidati Bismillah, phazi pathabwa, nkukankha kamodzi, kawiri. Kachitatu mpendero wa mkanjo udakodwa kutayala lakumbuyo ndipo tidagwa chafufumimba, mzuli uko, ife kuno, chigongono chitasupuka. Tidagona pomwepo kudikira phwete la mwana. Iye adathamanga, nkutola mzuli, kuusasa fumbi, nati, "Palibe kanthu Agogo, nanenso ndidagwa kambirimbiri. Tiyeni tiyesenso."

Kwa milungu iwiri tidakhala ophunzira ake, ndipo zomwe adatiphunzitsa tikuzilemba pano kuti zithandize ena. Mkanjo uyenera kukwinyidwa ndi kumangidwa m'chiuno. Chiwongolero chikwezedwe mpaka chifike cha m'chiuno. Phazi la pathabwa liloze kutsogolo, bondo lake lipindike pang'ono, chifukwa mwendo wowongoka gwa ndi umene umagwetsa munthu. Pokankha, phazi ligunde pansi ndi kutsogolo kwake, pafupi ndi thabwa, nkulikokera kumbuyo mwachifatse, osati kupondaponda ngati wovina. Maso ayang'ane kumene ukupita, osati kumapazi. Tidadabwa kuona kuti mwendo umene umatopa msanga ndi woima pathabwa uja, osati wokankha, choncho ndi bwino kusinthanitsa miyendo pafupipafupi. Timatayala tating'ono timaopa mwala, mchenga ndi ming'alu, ndipo pansi pakanyowa buleki sigwira bwino. Pamtsetse waukulu, nzeru ndi kutsika nkuyenda pansi.

Chomwe chidatisautsa koposa ndi buleki. Sikuta yathuyo buleki yake inali kumbuyo: umaponda ndi chidendene kachitsulo kophimba tayala, iko nkukhuza tayalalo mpaka kuima. Koma ife tidakulira pa njinga yakapalasa, ndiye tikangochita mantha zala zinkathamangira kufinya chiwongolero pomwe palibe chofinya. Mwana uja adatikumbutsa za chidendene mwina ka 20. Ka 20 konseko mawu ake anali amodzimodzi, osakweza, osausa moyo, osatifanizira ndi agogo a mnzake.

Apa ndi pomwe nkhani yathu yagona. Usiku wina tikupaka mankhwala pachigongono, tidakumbukira mnyamata wina amene tinkamuphunzitsa zaka zambiri zapitazo. Lilime lake linkalephera kusiyanitsa Siin ndi Swaad. Tinkamuuza kamodzi, kawiri, katatu, ndipo kachinayi kankayankhula ndi kamtengo komwe sikankachoka m'manja mwathu. Tinkati ndi waulesi. Adayamba kujomba, kenaka adasiyiratu. Lero ndi bambo wa ana ake, msodzi, amatipatsa moni mwaulemu tikakumana, koma sitidamuonenso pa mzere wa Swala.

Pa sikuta paja tidaona tokha zomwe mantha amachita. Ukaopa, bondo limauma, manja amauma, zonse zomwe wauzidwa zimathawa m'mutu, ndipo umagwa pa chinthu chomwe dzulo udachichita bwino. Nanga lilime la mwana woona kamtengo kali m'mwamba lingafewe bwanji? Tidaphunzira Alif, Baa, Taa tili aang'ono kwambiri moti tidaiwala kuti kusadziwa kumawawa bwanji. Tinkawauza ana za Anas bin Malik (RA), amene adatumikira Mtumiki (SAW) kwa zaka 10 kuyambira ali mnyamata osamvapo mawu omukalipira, koma nkhaniyo tinkaikamba kamtengo kali m'dzanja. Padafunika mwana wa zaka 7 kuti atisonyeze tanthauzo lake.

Miyezi yotsalayo tinkapita ku madrasa limodzi, iye pa yake, ife pa yathu, aliyense chisoti kumutu. Tidapangana lamulo limodzi: pa mphambano iliyonse tonse timatsika, kuyang'ana mbali zonse, nkuwoloka tikukankha sikuta ndi manja. Lamulolo ankalisunga popanda kukalipiridwa chifukwa ankaona agogo ake akulisunganso. Mpweya udayamba kutikwanira ndipo tulo tinkagona tabwino. Chithunzi chija chidafikadi ku Mangochi. Anthu adaseka sabata imodzi nkuiwala, ndipo palibe amene adasiya kuswali kumbuyo kwathu chifukwa cha icho.

Sikuta tidaisiya ku Durban popeza mchenga wa kwathu siyingaukwanitse. Titafika kumudzi, ulendo wathu woyamba unali wa kugombe komwe msodzi uja amasokera maukonde ake. Tidakhala pansi nkumupempha kuti atikhululukire. Adakhala chete nthawi yaitali maso ali pa ukonde, kenaka adati, "Ndamva, Mwalimu." Kumzikiti sadabwerebe mpaka lero, ndipo ife sitisiya kumupemphera dua. Kamtengo kaja tidakasonkhezera pamoto.

Makolo ndi aphunzitsi anzathu, sitikunena kuti nonse mukagule sikuta. Koma pezani chinthu chimodzi chomwe simuchidziwa, kaya ndi kupalasa njinga, kusambira kapena kulemba uthenga pa foni, mupemphe mwana wanu kuti akuphunzitseni. Mukagwa, muonetsetse mmene akudzutsireni. Mawa lake akakalakwitsa ayah kachinayi, mudzakumbukira.

Allah atikhululukire pomwe tidalakwira ana omwe adatisungitsa, ndipo afewetse mitima yathu. Ameen.