Mmisiri wa Makompyuta ndi Makalata Onyenga

Ntchito yokonza makompyuta ndinaiphunzira m'masiku amene makinawo anali chinthu chaulemu, chofunditsidwa nsalu madzulo anthu akaweruka, chimene kalaliki wamba sankachikhudza popanda chilolezo cha akuluakulu. Galasi lake linali lakuda, zilembo zoyera kapena zobiriwira, ndipo wofuna kuona za m'katimo ankalemba yekha lamulo la MS-DOS. Amayi otaipa makalata anali ataloweza WordPerfect, owerengera ndalama Lotus 1-2-3, ndipo makalata a mwezi wathunthu ankakwana pa kadiski ka mainchesi 3.5, kosunga 1.44 MB basi.

Matenda analipo ndithu, pakuti kachilombo kotchedwa Brain kanabadwira ku Lahore, m'dziko la Pakistan, mu 1986; koma nthenda ya nthawi imeneyo inkayenda ndi miyendo ya munthu, kuchoka mu ofesi ina, kulowa m'thumba la malaya, kukwera minibasi, mpaka kukafika ku ofesi ina. Ife amisiri, tisanalowetse diski yathu m'makina odwala, tinkakankha ndi chikhadabo kachotsekera ka pakona kuti kabowo kaonekere, ndipo tikatero panalibe choipa chimene chikanalembedwamo. Chitetezo chimenecho ndimachikumbukira ndi chikondi, popeza munthu ankachiona ndi maso ake.

Itafika imelo, Hotmail mu 1996 ndi Yahoo chaka chotsatira, modemu ikulira pa waya wa telefoni ndipo anthu akulipira mphindi m'nyumba za intaneti kuti amve za abale awo a ku Johannesburg ndi ku London, mdani anasintha njira. Mu May 2000 kunachokera ku Manila kalata yotchedwa ILOVEYOU, yonyamula kafayilo kooneka ngati mawu achikondi, pomwe Windows inali itabisa mchira wa dzina lake, umene ukanaulula kuti ndi pulogalamu. Ndipo aliyense wotsegula kafayiloko, kalatayo inkadzitumiza yokha kwa onse olembedwa m'buku lake la maadiresi a Outlook, kotero kuti wolandira ankaiona ikuchokera kwa mnzake weniweni, osakayika konse. Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti mbala yaleka kulimbana ndi makina, ndipo yayamba kunyengerera mwini wake, ikumugwira pa chikondi, pa mantha, kapena pa umbombo, monga makalata aja a chuma cha masiye chosowa wolowa, amene dziko lonse limawatchula ndi nambala 419 ya m'malamulo a ku Nigeria. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero mayi akalowa m'shopu mwanga nkhope ili gwaa, foni m'manja, nati, "Achimwene, andilembera kuti akaunti yanga aitseka mawa ndikapanda kudina apa," sindithamangira sikuludiraiva. Ndimawapatsa mpando, ndi kuwapempha kuti akhudze okha dzina la wotumizayo kuti adiresi yonse itambasuke, kenaka tiiwerenge pamodzi chilembo ndi chilembo, kufikira aone ndi maso awo pamene nambala 1 yaima m'malo mwa l, kapena pamene dzina la banki latsatidwa ndi mawu achilendo. "Mayi," ndimatero, "banki yoona sipempha pasiwedi kapena PIN pa kalata, ndipo wokufulumizitsani chonchi akufuna musapeze nthawi yofunsa." Tikatha apo timasankha pasiwedi ya imelo yaitali, ya mawu angapo osagwirizana, yosakhala dzina la mwana kapena chaka chobadwa, yosagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse, pakuti imelo ndiyo imalandira makiyi a Facebook ndi a zina zonse munthu akaiwala, ndipo woilanda walanda zonsezo nthawi imodzi. Pomaliza timatsegula chitsimikizo chachiwiri, chija chotumiza nambala ku foni.

Chimene chimandiwawa mtima koposa ndi bambo wobwera mochedwa, amene anamangirira imelo yake ku nambala ya foni imene anaitaya kalekale, mwina inapatsidwa kale kwa munthu wina. Mu imeloyo muli masatifiketi, makalata a ntchito, ndi zithunzi za malemu mayi ake. Hadi disiki yowonongeka ndimatha kuichonderera usiku wonse kufikira itabweza kanthu, koma akaunti yotere ili m'makina a kutsidya kwa nyanja, kumene dzanja langa silifika. Timangodzaza fomu yopempha kuti ibwezedwe, iye akuyesa kukumbukira chaka chimene anaitsegula, ndi kudikira yankho.