Copumira caciwiri

Ku Kalomwe kulibe nyanja. Kuli mapiri, mphepo yozizira ndi minda ya kacewere. Koma mtsikana wina wa kalasi yoyamba amadziwa za pansi pa madzi. Anamuuza ndi amalume ake.

Amalumewo anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Mtendere utabwera mu 1992, anthu ambiri anabwerera kwawo. Iwo anatsalira ku Chembe, mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Nchito yawo ndi kuperekeza alendo pansi pa madzi kukaona mbuna. Mbuna ndi tinsomba tokongola tokhala m'miyala.

Munthu si nsomba. M'madzi sangathe kupuma. Conco amalume amabereka thanki yacitsulo kumsana, ngati mwana. M'thankimo muli mpweya. Mpweya umadutsa m'paipi kufika pakamwa. Kumapeto kwa paipi kuli copumira. Amalume amaciluma, napuma bwino.

Tsiku lina amalume anabwera kudzaceza. Anadzera ku Golomoti ndi ku Dedza. Agogo ankayembekeza njinga, cifukwa anawalonjeza. Koma amalume anafika wapansi. M'thumba mwawo munali copumira cacikasu.

"Amalume, copumira muli naco kale. Ici ndi candani?" anafunsa mtsikana uja.

"Ndi ca mnzanga amene mpweya wamuthera," anayankha.

Amalume anafotokoza. Wogulitsa anali ndi zopumira ziwiri. Cina cinali cakuda, ca paipi yaifupi, cochipa. Cina cinali cacikasu, ca paipi yaitali pafupifupi mita imodzi, codula. Amalume anayesa zonse. Anaika pakamwa, nakoka mpweya. Cakuda cinali colimba kukoka. Cacikasu cinkapereka mpweya mosavuta.

Anaganiza usiku wonse. Pansi pa madzi sipawala kwambiri. Cakuda sicioneka msanga, koma cacikasu cimaonekera patali. Paipi yaifupi siingafike bwino pakamwa pa mnzako. Ndipo munthu wamantha amapuma mwaphuma. Safuna copumira colimba. M'mawa amalume anapereka ndalama zonse za njinga zija.

Agogo anangoti, "Hoo!" Sanakondwe ayi. Msika uli kutali, ndipo kacewere amalemera.

Miyezi itapita, amalume anabweranso. Anakhala pamphasa, nasimba nkhani. Mlendo wina mpweya unamuthera ali pansi. M'madzi salankhula. Mlendoyo anangopititsa dzanja pakhosi. Ndico cizindikiro cake. Amalume anam'patsa copumira cacikasu. Anamugwira mkono. Onse awiri anapuma mpweya wa m'thanki imodzi. Anakwera pang'onopang'ono, osasunga mpweya m'cifuwa, cifukwa kukwera mothamanga kumapweteka. Anafika pamwamba ali bwino.

Agogo anakhala cete. Kenaka anatenga copumira cija, nacitembenuza m'manja. Anapukuta fumbi ndi nsalu yawo.

"Tsono njinga ija, mwananga?" anafunsa.

"Caka camawa, amayi," anayankha amalume.