Chipala cha Agogo ndi Chipala cha Lero

Agogo anga anali osula m'dziko lino la Lundu. Chipala chao chinalibe chitseko: amuna ankadza ndi makasu akutha, anyamata napopa mvukuto, ndipo pakupopa pomwepo anaphunzira kusula. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja alikusula chitsulo ndi kuomba nsaru za thonje lao.

Koma mwezi wathawu nyale yanga ya sola inazima, ndipo m'mudzi monse sindinapeze munthu wakulimba mtima kuitsegula. Ndinachita manyazi, ine mdzukulu wa wosula.

Ku Lilongwe kuli nyumba dzina lake mHub, imene anaiyambitsa mai Rachel Sibande. Kumeneko anyamata ndi atsikana amasonkhana, nagwira kompyuta ndi manja ao, wodziwa nalangiza mnzake. Ndicho chipala cha lero. Ndiponso m'chaka cha 2002 William Kamkwamba wa ku Kasungu, akali mnyamata, anamanga makina a mphepo akupatsa magetsi, ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga yakale.

Chifukwa chake, makolo anzanga, musakalipire mwana pakumuona alikumasula wailesi yakufa. Loweruka masana tidzayala mphasa pabwalo, ndipo wokonza njinga wabvomera kudza ndi zipangizo zake. Idzani ndi mawailesi ndi mafoni akufa, ndi ana omwe. Yoyamba kutsegulidwa idzakhala nyale yanga.