Katatu Chabe

Nditamaliza Grade 12 ndinakhala chaka chathunthu pakhomo ku Chawama, kutunga madzi, kusesa, ndi kudikira mayankho a makalata a ntchito amene sanabwere. Pafupi ndi msika pali kashopu ka amalume okonza mawailesi ndi ma amplifier a m'mabala. Si amalume anga enieni, koma komboni yonse imawatcha choncho. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti andiphunzitse ntchito.

Sanayankhe msanga. Anang'amba katoni n'kujambulapo mizere ndi manambala.

"Ichi ndi Wien bridge oscillator," anatero. "Chimatulutsa liwu limodzi losasintha, loyesera masipika. Chikalira ubwere. Chikapanda kulira, usanditayitse nthawi, mwaiche."

Ndalama yogulira zipangizo anandipatsa amayi, ya vitumbuwa. Anaimasula pachitenje osandifunsa kanthu, ndipo kusafunsako kunandilemera kuposa kukalipa. M'tauni ndinagula op amp ya 741, breadboard, ma resistor, ma capacitor ndi mabatire awiri a 9 volts.

Op amp ndi kachipangizo kakuda ka miyendo 8, kukula kwake ngati chikhadabo. Ntchito yake ndi kukuza kamphamvu ka magetsi kolowa. Mu oscillator, zotuluka pa mwendo 6 zimabwezedwa ku mwendo 3 kudzera m'ma resistor awiri ndi ma capacitor awiri. Mukudziwa mmene maikolofoni imalirira m'tchalitchi ikayandikira sipika? Ndi zomwezo, kungoti pano kulirako umakusankha wekha. Ndi ma resistor a 10k ndi ma capacitor olembedwa 103, ndinayenera kumva liwu la pafupifupi 1,600 Hz. Sipika wamba 741 singathe kuiyendetsa, choncho ndinabwereka timasipika ta kompyuta tokhala ndi amplifier mkati.

Usiku woyamba ndinalumikiza zonse, mtima uli m'mwamba. Zii. Ndinagwedeza mawaya, ndinazula, ndinabwezera. Zii. Ndinatsimikiza kuti andigulitsa 741 yakufa, ndipo m'mawa mwake ndinakagula ina ndi ndalama yotsala. Nayonso zii. Pobwerera kunyumba ndinadutsa njira ina kuti ndisaone amayi pa mbaula yawo.

Tsiku lachitatu ndinapita kwa amalume ndi manyazi. Sanakhudze n'komwe breadboard yanga. Anatsegula dirowa n'kutulutsa multimeter yakale yomangidwa ndi selotepi.

"Pa mwendo 7 pali ma volts angati?"

"Payenera kukhala 9, amalume."

"Sindinafunse zoyenera kukhalapo. Wayeza?"

Nditafika kunyumba ndinayeza. Pa mwendo 4 panali minus 9, bwinobwino. Pa mwendo 7 panalibe kanthu. Ndinatsata mzere wofiira wa m'mbali mwa breadboard, bowo ndi bowo, mpaka ndinapeza kuti unaduka pakati. Ma breadboard ena amapangidwa choncho. Batire inali kutsidya lina, op amp kutsidya lina. Kawaya kamodzi kofupika kanathetsa vuto limene ndinaligulira 741 yachiwiri.

Ndinayatsanso. Sipika inati thu, kenaka zii.

Apa ndinakhala pansi ndi katoni ija n'kuyamba kuiwerenga ngati kalata, osati ngati chithunzi. Njira ya ma resistor ndi ma capacitor ija imabweza gawo limodzi chabe mwa magawo atatu a zotuluka. Choncho op amp iyenera kukuza katatu kuti ibwezeretse zotayika. Ikachepera, kulira kumafa kusanabadwe. Kukuzako kumaikidwa ndi ma resistor ena awiri a ku mwendo 2: ugawe wamkulu ndi wamng'ono, uwonjezepo 1. Anga anali 20k ndi 10k, papepala katatu ndendende. Koma onse anali ndi mzere wagolide, kutanthauza kuti akhoza kusiyana ndi zolembedwa mpaka 5 peresenti. Nditawayeza ndinapeza 19.3k ndi 10.2k. Kukuza kwanga kunali 2.89.

Ndinachotsa 20k n'kuikapo 22k. Eee! Chinalira mpaka galu wa aneba anauwa. Koma liwulo linali lokhakhala, ngati hutala ya minibasi yotopa. Manje kukuza kunapitirira katatu, mafunde ankakula mpaka kugunda malire a batire n'kuphwanyika nsonga.

Ndinafufuza pafoni mmene ena anathetsera zimenezi, ndipo ndinapeza kuti vutoli ndi lakale. Mu 1939 Bill Hewlett, akuphunzira ku Stanford ku America, anaika kababu kakang'ono m'malo mwa resistor imodzi. Liwu likakula, kawaya ka m'babu kamatentha, kamayamba kukana magetsi kwambiri, ndipo kukuza kumatsika kokha. Makina amenewo, 200A, ndiwo anali malonda oyamba a Hewlett-Packard, ndipo a Disney anagula 8 a mtundu wa 200B pokonza filimu ya Fantasia. Ndinaseka ndekha: kampani yolembedwa pa maprinta a m'tauni inayamba ndi chinthu chimene chinali pa tebulo la amayi.

Kababu koyenera ndinalibe, koma njira ina ndi ya ma diode. M'malo mwa 22k ndinalumikiza 18k ndi 4.7k motsatizana, ndipo pa 4.7k ndinakwerekapo ma 1N4148 awiri oyang'ana mosiyana. Poyamba kukuza kumapitirira katatu kuti kulira kudzuke. Kukakula, ma diode amatsegula njira yachidule, kukuza n'kutsika. Malaiti a m'chipinda ndinali nditazimitsa, ndikuunika ndi foni kuti ndisadzutse mng'ono wanga. Ndinalumikiza batire. Liwu linatuluka loonda, losalala, losagwedezeka.

"Iwe!" amayi anaitana kuseri kwa katani. "Ndiye vitumbuwa vanga ivi?"

"Ndi vomwevo, amayi."

Anakhala chete pang'ono, akumvetsera. "Chabwino. Manje zimya, anthu agone."

M'mawa ndinanyamula breadboard m'bokosi la nsapato, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti waya asazuke. Amalume anailumikiza ku amplifier ya kasitomala, anamvetsera, anakweza, anatsitsa.

"Chinavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, ngakhale za 741 yachiwiri. Pamenepo ndi pamene anaseka.

"Uisunge, idzagwira ntchito. Ubwere Mande pa 07:00. Tsache lili kuseri kwa chitseko."