Chithunzi chopanda mthunzi

Tsegulani alubamu ya banja lililonse ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, mudzapeza kuti nkhope zathu zonse zimafanana: chipumi chili waliwali ngati poto watsopano, maso ali tong'o, ndipo kumbuyo pakhoma kwaima chimthunzi chakuda bii ngati munthu wodzalanda katundu wa ngongole. Ambiri timangoti, "Aaa, ine zithunzi sizindikhala." Ena amafika ponena kuti khungu lakuda n'lovuta kujambula. Ine zimenezo ndikukana. Wotilakwira ndi fulashi yokhala pamphumi pa kamera.

Musandiyese katswiri ayi. Ine ndine mlakatuli, ndipo nsima ndimaipeza polemba nkhani m'nyuzipepala popanda kulembedwa ntchito ndi aliyense. Koma paja akonzi masiku ano amafuna nkhani ibwere ndi chithunzi chake, tsono ndidagula kamera yogwirapo kale ntchito, fulashi yoyendera mabatire anayi a AA, ndi kachipangizo kaja amati trigger. Kameneka kamakhala pamwamba pa kamera n'kumauza fulashi, kudzera m'mafunde a wailesi, kuti ithwanime ngakhale ili kutali. Miyezi ingapo yokha ndili m'sukulu imeneyi, koma zimene ndaona ndati ndikutsineni khutu.

Phunziro loyamba lili m'chinenero chathu chomwechi. Mawu akuti chithunzi ndi akuti mthunzi ndi a m'mimba imodzi. Makolo athu ataona nkhope ya munthu papepala adaitcha dzina lochokera ku mthunzi, ndipo sadalakwe. Mphuno timaidziwa kuti yatukuka chifukwa mbali ina yake kwada. Makwinya a nkhalamba timawawerenga chifukwa m'kati mwake kuwala sikudafike. Tsono fulashi ikakhala pamwamba pa lenzi, kuwala kumachokera komwe diso la kamera likuyang'anira, mithunzi yonse n'kuthawira kumbuyo kwa munthu. Nkhope imatsala ili see, ngati chitumbuwa chopondedwa.

Mankhwala ake n'kuichotsa fulashi pa kamerapo. Iyikeni chambali, pafupifupi madigiri 45 kuchokera pamene mwaima, ikhale m'mwamba pang'ono kuposa maso a amene mukumujambula, iweramire pansi monga limachitira dzuwa la m'ma 9 koloko m'mawa. Mukatero tsaya limodzi limawala, linalo limalowa mumthunzi, koma pansi pa diso la mbali yamthunziyo pamatsala kadanga kowala ka ngodya zitatu. Ojambula amakatcha kuwala kwa Rembrandt, potengera mmisiri wopenta zithunzi wa ku Netherlands amene adamwalira mu 1669, kale kamera isadabwere.

Phunziro lachiwiri ndi kukula kwa nyali. Pakamwa pa fulashi m'pang'ono, sipasiyana kwenikweni ndi bokosi la machesi, ndipo nyali yaing'ono imabala mithunzi yakuthwa ngati mpeni. Kuwalako kukadutsa mu ambulera yoyera, nyali ija imakula n'kufika pafupifupi mita imodzi, mithunzi n'kufewa. Mabuku a kunja amati ingolozani fulashi ku siling'i yoyera, kuwala kudzagwe kokha ngati mvula yowaza. Zoona, koma nanga ife a denga la malata lopanda siling'i, lakuda ndi utsi wa mbaula? Nanga makoma athu opaka penti yobiriwira, amene amabweza kuwala kwa mtundu womwewo mpaka munthu kuoneka ngati wadwala chikasu? Apa mpamene nsalu yoyera ya pabedi imasanduka chida. Imangeni pakhomo kapena wina aigwire, fulashi iwombe kumbuyo kwake. Mbali inayo muike pepala lalikulu loyera kuti libweze kuwala pang'ono pa tsaya lamthunzi lija.

Lachitatu ndi mtunda, ndipo apa pali masamu osavuta. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Munthu akakhala mita imodzi kuchokera ku nyali, khoma n'kukhala mamita awiri, khomalo limalandira kotala chabe ya kuwala kumene kwagwa pankhope. N'chifukwa chake ndimapempha anthu kuti asatsamire khoma. Akasendera kutsogolo, chimthunzi chija chimagwera pansi chambali, ndipo kalendala yakale ndi ming'alu ya khoma zimabisala zokha mumdima.

Za manambala ndisakutopetseni nazo. Ine ndimayambira pa ISO 200, kabowo ka lenzi pa f/5.6, mphamvu ya fulashi pa 1/8, kenaka n'kumawonjezera kapena kuchepetsa ndikuona pagalasi la kamera. Chokhacho choti musaiwale n'chakuti makamera ambiri sagwirizana ndi fulashi mukapitirira liwiro la 1/200 kapena 1/250. Mukatero chitseko cha m'kati chija amati shutter chimatchinga mbali ina, pachithunzi n'kutuluka chimzere chakuda. Ubwino wina ngwakuti fulashi siidziwa zoti magetsi azima. Bola mabatire ali ndi moto, ntchito ikupitirira.

Tsopano za khungu lija. Mbiri ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, otsuka zithunzi ankayeza mitundu pogwiritsa ntchito khadi la kampani ya Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana lidadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Choncho kwa nthawi yaitali makina ankaphunzitsidwa kuona ena bwino kuposa ife. Koma khungu lakuda lili ndi chinsinsi chake: limaonetsa maumbidwe a nkhope kudzera m'kunyezimira. Nyali yaing'ono yoloza maso ndi maso imasiya kadontho koyera mbee pachipumi, makamaka poti ife tikamva za kujambulitsa timadzola Vaseline mosaumira. Nyali yaikulu yochokera chambali imayala kunyezimirako pang'onopang'ono kuchokera pachipumi kutsikira patsaya, khungu n'kumaoneka ngati mtengo wa phingo wopalidwa bwino.

Izi ndidaziona ndi maso pa agogo anga aakazi. Nyumba yawo ili ndi zenera limodzi, laling'ono ngati la kandodo wa ndende. Mphwanga adakwera pampando atanyamula fulashi ndi ambulera, ine ndili chogwada.

"Iwe mwana, nyali yakoyo waipatsa mnzako bwanji? Ukujambula ine kapena kabati?" adafunsa agogo.

"Ndikujambula inu, agogo. Tangoyang'anani kumene kuli ambulerako."

"Ambulera m'nyumba? Ana a masiku ano!"

Akuseka choncho ndidadina. Nditawaonetsa, adakhala chete kanthawi, chala chili pagalasi, chikutsata mphini za patsaya lawo zimene zithunzi zonse zakale zidazimeza. Kenaka adati, "Awa ndi amayi anga awa." Adadziona okha, n'kuonamonso amene adawabereka.

Wina anena kuti zonsezi n'zotayitsa nthawi poti aliyense ali ndi foni m'thumba. Winanso akumbutsa kuti Malick Sidibé wa ku Mali, amene adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice mu 2007, adatchuka ndi zithunzi za achinyamata akuvina usiku ku Bamako, zojambulidwa ndi fulashi popanda ambulera kapena nsalu. Sindikutsutsa. Pagule palibe nthawi yomanga nsalu, ndipo ukali wa kuwalako umagwirizana ndi thukuta la ovina. Koma munthu akakhala pansi m'nyumba mwake n'kukupatsa nkhope yake, wakupatsa ulemu, ndipo uyenera kuubweza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Pitani pamaliro m'matauni muno, muyang'ane chithunzi chimene chili papulogalamu kapena patsogolo pa bokosi. Kawirikawiri amakhala atachikulitsa kuchokera pa chiphaso cha unzika chija ambiri adajambulitsa m'kalembera wa 2017. Chithunzi cha chiphaso ntchito yake n'kutsimikiza kuti ndiwe amene, basi. Sichinena kuti munthuyu ankaseka chotani, kapena kuti ankapendeketsa mutu akamamvetsera mlandu wa adzukulu. Komatu chimenecho n'chomwe zidzukulutudzi zidzachidziwe.

Ndiye inu amene mwagula kamera chaka chino, musadikire ukwati kapena chinkhoswe. Yambani ndi akuluakulu a kwanu akadali moyo. Pezani nsalu yoyera, pezani mwana wogwira nyali, muwapemphe asendere pang'ono kuchoka kukhoma, ndipo musathamangire kudina mpaka mutaona kamthunzi kataima pambali pa mphuno yawo.